Mchere, chuku ndi poizoni: mafunso ndi mayankho kwa ogula ndi ogulitsa nsomba zouma mu Lusaka

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza, makamaka mvula ikayamba. Amafunsa ndi amayi ogulitsa kapenta ku Soweto ndi m'misika ya m'makomboni, ogula amene apeza timadontho pa nsomba yawo, ndiponso ana a sukulu ophunzira za chakudya. Tayamba ndi osavuta, ozama ali kutsogolo.

Tinakula tikudziwa kuti mchere umateteza chakudya. Nanga chuku chimamera bwanji pa nsomba ya mchere?

Mchere umatetezadi, koma suupha chilichonse. Ntchito yake ndi kulanda madzi. Mukawaza mchere pa kabichi wodula, posakhalitsa amatuluka madzi; zimenezi n'zimene zimachitikiranso tizilombo toolesa nsomba. Madzi amatuluka m'maselo awo, n'kulephera kuswana.

Asayansi amayeza madzi amene tizilombo tingathe kugwiritsa ntchito m'chakudya pa sikelo yoyambira pa 0 kufika pa 1. Madzi akumwa ali pa 1, nsomba yaiwisi ili pafupi pomwepo. Mabakiteriya ambiri oolesa chakudya amaima sikeloyo ikatsika kufika cha pa 0.91. Koma mchere uli ndi malire ake: ngakhale muthire wochuluka mpaka wina kukana kusungunuka, sikelo imaima pa 0.75, siitsikanso. Pamenepo pali mitundu ya chuku, chimene ena amati nkhungu, imene imamera bwinobwino. Ndiye kuti mchere umathamangitsa alendo ambiri, n'kusiyira malo onse ochepa opirirawo, amene tsopano alibe wolimbana naye. Kuti chamoyo chilichonse chileke kukula, chakudya chiyenera kuuma kufika cha pa 0.60, ndipo kumeneko kumafikitsa ndi dzuwa ndi mphepo, osati mchere wokha.

Kodi chuku ndi poizoni wa chuku n'chinthu chimodzi?

Ayi. Chuku ndi chamoyo, cha m'banja limodzi ndi bowa ndi yisiti. Zimene mumaona ndi maso, zobiriwira, zakuda kapena zonga thonje, ndi mbali yapamwamba yonyamula timbewu take. Pansi pake pali tiulusi tolowa m'chakudya. Poizoni ndi mankhwala amene mitundu ina ya chuku imapanga. Alibe fungo, alibe mtundu woti muuone, ndipo amatsalira ngakhale chukucho chitafa.

Si chuku chonse chimapanga poizoni, ndipo chimene chimatha kupanga sichipanga nthawi zonse. Zimadalira kutentha, chinyezi, mtundu wa chakudya ndi kuchuluka kwa mchere. N'chifukwa chake nsomba imatha kuoneka yoipa koma ilibe poizoni wambiri, pamene nshawa zooneka zabwino zili naye wodutsa muyezo.

Ndi chuku chanji chimene chimakhala mumchere wambiri chonchi?

Chotchuka kwambiri ndi Wallemia ichthyophaga. Anachifotokoza koyamba ndi Olav Johan-Olsen wa ku Norway mu 1887, atachipeza pa nsomba zouma za mchere, zimene dzikolo limagulitsa kunja kuyambira kalekale. Chuku chimenechi n'chodabwitsa chifukwa sichingopirira mchere, chimachita kuufuna. Popanda mchere wokwana pafupifupi 10 peresenti sichikula n'komwe, chimasangalala pakati pa 15 ndi 20 peresenti, ndipo chimapitirizabe ngakhale m'madzi okhuta mchere. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, madzi a m'nyanja zikuluzikulu monga Indian Ocean ali ndi mchere wa 3.5 peresenti basi.

Chili ndi abale ake, Wallemia sebi, Wallemia muriae ndi ena, amene safuna mchere kwenikweni koma amakonda zinthu zouma: jamu, makeke, zipatso zouma, buledi, fumbi la m'nyumba ndi udzu wa ziweto. Palinso yisiti wakuda wotchedwa Hortaea werneckii, amene amakula kaya mulibe mchere kaya madzi akhuta, komanso mitundu yambiri ya Aspergillus ndi Penicillium imene imapirira mchere wapakatikati. Pa nsomba za mchere za ku Indonesia, John Pitt ndi Ailsa Hocking a ku Australia anapeza mtundu wina woyera umene anautcha Polypaecilum pisce mu 1985.

Kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankati m'madzi a mchere woopsa mumakhala mabakiteriya ndi tizilombo tina tating'ono, koma osati chuku. Maganizo amenewa anasintha cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1998 kunalengezedwa chuku chamoyo chochokera mu Dead Sea, nyanja imene mchere wake ndi pafupifupi 34 peresenti. Mu 2000 gulu la Nina Gunde-Cimerman wa pa yunivesite ya Ljubljana linasonyeza kuti m'maiwe owumitsira mchere a ku Sečovlje, m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic ku Slovenia, yisiti wakuda uja sanangogweramo ndi mphepo ayi, ndi kwawo. Pambuyo pake anapezanso chuku m'maiwe a mchere a m'mayiko ena, kuphatikizapo Namibia.

Chimapirira bwanji, poti mchere umalanda madzi?

Chimadzaza maselo ake ndi gilisarini, yemweyo amene ena amadzola khungu likauma m'nyengo yozizira. M'kati mwa selo mukakhala gilisarini wambiri, madzi sakokedwanso kupita kunja. Chilinso ndi timapampu totulutsa mchere umene walowa, chifukwa mchere ukachuluka m'selo umawononga ntchito zake. Wallemia ichthyophaga imawonjezeranso njira ina: mchere ukakwera, khungu la maselo ake limakhuthala kwambiri, ndipo maselowo amaunjikana m'timagulu, a m'kati n'kutetezedwa ndi akunja.

Tsono chuku chamumcherechi chimapanga poizoni?

Inde, china chimapanga, ndipo apa ndi pamene nkhani imapotoka. Pa mitundu yambiri ya chuku, mukachepetsa madzi poizoni amachepanso, mwinanso kulekeratu chukucho chisanaleke kukula. Anthu ankayembekezera kuti zidzakhala choncho paliponse. Koma kafukufuku wa Sašo Jančič ndi anzake, wofalitsidwa mu 2016, anapeza zosiyana pa Wallemia. Atakweza mchere kuchoka pa 5 kufika pa 15 peresenti, chukucho chinawonjezera kupanga mankhwala atatu apoizoni: walleminol, walleminone ndi wallimidione. Walleminol anali atadziwika kale kuyambira 1990, ndipo m'labotale anaonetsa kuti amawononga maselo a nyama ndi kupha tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi a mchere timene amayesera poizoni. Malamulo a zakudya a ku Europe ndiponso miyezo ya zakudya ya padziko lonse yotchedwa Codex alibe malire a mankhwala atatuwa, choncho palibe amene amawafufuza pa chipata cha dziko kapena pa msika.

Poizoni wina, amene ndi wodziwika bwino komanso woopedwa, ndi ochratoxin A. Anamutulukira ku South Africa mu 1965 kuchokera ku Aspergillus ochraceus. Ku Europe amapezeka pa nyama ya nkhumba youma ya mchere ndi pa tchizi, wopangidwa ndi Penicillium nordicum. M'mayiko otentha ngati kwathu kuno, amene amamupanga kawirikawiri ndi mitundu ya Aspergillus, ndipo ina mwa iyo imapirira mchere ndithu.

N'chifukwa chiyani mchere ungawonjezere poizoni m'malo momuchepetsa?

Pa ochratoxin A pali yankho lomveka. Mchere wathu wa patebulo ndi zinthu ziwiri zogwirana, sodium ndi chlorine. Chuku chikamakula pa nyama ya mchere, chlorine amalowa m'maselo ake mochuluka. Ndiye taonani: kachidutswa kalikonse ka ochratoxin A kali ndi chlorine m'kati mwake. Ofufuza a ku Germany, Markus Schmidt-Heydt ndi Rolf Geisen pamodzi ndi anzawo, anasonyeza mu 2012 kuti popanga poizoniyu n'kumutulutsa kunja, Penicillium nordicum imakhala ikutaya chlorine wochulukayo, ndipo zimenezi zimaithandiza kukula pamalo a mchere. Mbale wake, Penicillium verrucosum, amachita zofanana: pa tirigu wopanda mchere amakonda kupanga poizoni wina wotchedwa citrinin, amene alibe chlorine, koma mchere ukakwera amasinthira ku ochratoxin A.

Chukucho sichikulimbana ndi munthu. Chikungodzipulumutsa, ife n'kudya zimene chataya.

Ndiye tisiye kuthira mchere pa nsomba?

Musasiye. Nsomba yaiwisi m'kutentha kwa ku Siavonga mu October imayamba kuwonongeka m'maola ochepa, ndipo mabakiteriya amene mchere umaletsa amadwalitsa munthu tsiku lomwelo. N'chifukwa chake asodzi a pa Kariba amathira mchere kapenta akadali pa boti usiku, asanamuyanike pa thandala m'mawa. Mchere umachepetsanso mphutsi za ntchentche. Cholakwika ndi kuganiza kuti ntchito yathera pomwepo. Mchere umagula nthawi kuti nsomba iume, koma sulowa m'malo mwa kuumitsa.

Kapenta wanga ndinagula wouma gwa. Bwanji mu January wafewa n'kuyamba kunyowa ali m'thumba?

Ndi mchere womwewo. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 75 peresenti, mchere umayamba kukoka madzi kuchokera mumpweya. Mu Lusaka, kuyambira December mpaka March, chinyezi chimapitirira pamenepo masiku ambiri, makamaka usiku ndi m'mawa. Mwaonapo mchere wa m'botolo ukukana kutuluka nthawi ya dzinja. Pa nsomba zimachitika zomwezo, kungoti madziwo amakhala pakhungu la nsomba, pamene timbewu ta chuku tadikirira.

Choncho nsomba ya mchere wambiri imabwerera chinyezi msanga kuposa yopanda mchere. Kapenta wa ku Siavonga, amene amakhala ndi mchere, amafunika kumuyang'anira kwambiri m'miyezi ya mvula, ndipo chimodzimodzi nsomba zikuluzikulu zong'amba pakati zopita ku Kasumbalesa, zija amati makayabu. Kapenta wa ku Mpulungu ndi chisense cha ku Luapula nazonso zimachita chuku zikanyowa, koma vuto lawo limayambira kwambiri pa kuyanika kosakwanira masiku a mitambo.

Pali ogulitsa ena amene sadandaula nsomba ikalemera ndi chinyezi, poti pa sikelo imakoka. Phindu limenelo ndi la sabata imodzi. Sabata yachiwiri thumba limayamba kutentha m'kati ndi kununkha.

Ndingasiyanitse bwanji mchere woyera pa nsomba ndi chuku? Nanga timadontho tofiirira ndi mtundu wa pinki n'chiyani?

Mchere wouma pakhungu la nsomba umakhala wokhakhala, umang'anima padzuwa, ndipo mukaudonthezera madzi umasungunuka. Chuku choyera chimakhala chofewa ngati ufa kapena thonje, sichisungunuka, chimafufutika pa chala, ndipo chimabwera ndi fungo la m'chipinda chotsekedwa. Musanunkhize pafupi kwambiri. Chifukwa chake chili pa funso la kupuma fumbi.

Timadontho ting'onoting'ono tofiirira ngati chokoleti, tomwazikana pa nsomba ya mchere, kawirikawiri ndi Wallemia. Chobiriwira chopita ku chikasu ndicho choopsa kwambiri, chifukwa ndi mmene Aspergillus flavus, chuku chopanga poizoni wowononga chiwindi wotchedwa aflatoxin, amaonekera, ngakhale kuti maso okha sangatsimikize mtundu.

Pinki kapena kufiira konanda si chuku. Ndi tizilombo tina tokonda mchere, monga Halobacterium, timene timabwera ndi mchere wowumitsidwa padzuwa. Ndi timene timafiiritsa maiwe a mchere ku Walvis Bay ku Namibia. Sitidziwika ndi poizoni wa chuku, koma timafewetsa nsomba ndi kuinunkhitsa, ndipo tikaoneka ndiye kuti nsombayo yakhala yonyowa pamalo otentha nthawi yaitali. Chuku sichikhala patali.

Kodi zimenezi zikugwirizana ndi nkhani ya agalu amene anafa mu 2024?

Ndi banja limodzi la mavuto, koma si chuku chomwecho. Mu August 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo pa zitsanzo 25 zotengedwa m'makampani ogaya chimanga, pafupifupi theka zinali ndi aflatoxin wopitirira muyezo. Chaka chimenecho kunali chilala choopsa, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February. Chimanga ndi nshawa zovutika ndi chilala m'munda zimagwidwa mosavuta ndi Aspergillus flavus.

Chuku chimenechi si cha mumchere woopsa. Chimaleka kukula cha pa 0.80 pa sikelo ya madzi ija, ndipo kuti chipange poizoni chimafuna chinyezi choposerapo pang'ono. Pa nsomba yokhuta mchere ndi youma bwino sichipita patali. Chimapeza mpata pa nsomba ya mchere wochepa, yowamba, kapena imene yabwerera chinyezi.

Tinene mosabisa: kwa munthu wa mu Lusaka, poizoni wa chuku wochuluka amalowa kudzera mu nsima, nshawa ndi chiponde, osati kapenta, chifukwa nsima timadya tsiku lililonse komanso yambiri. Aflatoxin anadziwika mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chokhala ndi nshawa zochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha poizoniyu. Palibe chuku cha mumchere chimene chili ndi mbiri yotere. Wodera nkhawa nsomba koma n'kumagayitsa chimanga choola waphonya chachikulu.

Alipo anapimapo nsomba ndi vinkubala zogulitsidwa kuno ku Zambia?

Alipo. Mu 2018 a Paul Kachapulula, a pa yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kupima nsomba zouma, vinkubala ndi inswa zogulidwa m'misika ya m'dziko muno. Muyezo umene anayerekezera nawo ndi wa Zambia, mamayikulogalamu 10 a aflatoxin pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Ndi kachinthu kochepa zedi: ndi magalamu 10 m'matumba 20,000 a makilogalamu 50.

Pa avareji, mitundu iwiri ya vinkubala inapezeka ndi mamayikulogalamu 11 ndi 12 pa kilogalamu, inswa ndi 24. Nsomba, pa avareji, zinali pansi pa muyezo. Koma mbali yachiwiri ya kafukufukuyo ndi imene wogulitsa aliyense ayenera kuimva. Atasunga zinthu zomwezo dala pamalo otentha ndi achinyezi, vinkubala zinakwera kufika pa 4,800, ndipo nsomba ya mtundu wa bream inafika pa 23. Timbewu ta chukucho tinalimo kale pogula, timangodikirira chinyezi. Katundu angachoke ku Mpika kapena ku Kafue ali bwino, n'kuwonongekera m'nyumba yosungira katundu mu Lusaka momwemuno.

Ndikatsuka ndi madzi otentha n'kukazinga bwino, poizoni satha?

Chuku chimafa, poizoni amatsala. Aflatoxin amayamba kuphwanyika pa kutentha kopitirira madigiri 230, pamene madzi amawira pa 100, ndipo kuno ku Lusaka, poti tili pamtunda, amawira asanafikenso pamenepo. Mafuta okazingira amatentha kuposa madzi, koma m'kati mwa nsomba simufika kutentha kotero. Ochratoxin A nayenso ndi wouma mutu, amapezekabe ngakhale mu khofi wokazinga.

Kutsuka kapenta n'kwabwino, kumachotsa mchenga, mchere wochuluka ndi timbewu ta pamwamba. Sikufika pamene tiulusi talowa. Ndipo kuyanikanso padzuwa nsomba imene yachita kale chuku kumaimitsa kukula kwake, koma sikuchotsa zimene chapanga kale.

Nanga ndikadula pamene pali chuku n'kudya kotsalako?

Pa chakudya cholimba ndi chouma kwambiri, monga tchizi cholimba, kudula mozungulira masentimita awiri ndi theka kupitirira pamene chuku chathera kumavomerezedwa. Pa nsomba yaikulu youma gwa yokhala ndi kadontho kamodzi pamwamba mungachite chimodzimodzi, malinga ngati mnofu wake ndi wolimba ndipo sununkha. Ikafewa, kapena chuku chikalowa m'mimba ndi m'mutu, itayeni. Pa kapenta, chisense ndi vinkubala palibe chodula. Sankhani n'kutaya zogwidwazo pamodzi ndi zoyandikana nazo, ndipo zikagwirana kukhala chibuma, chibuma chonsecho chipite.

Zotayazo ndingapatse nkhuku kapena agalu?

Ayi. Agalu ndi abakha amafa ndi aflatoxin wochepa kuposa amene angadwalitse munthu wamkulu. Nkhuku zimapirirako koma zimakula mochedwa ndi kuchepetsa mazira. Ng'ombe ikadya, mbali ina ya poizoni imatulukira mumkaka. Kwirirani m'dzenje kapena tenthani.

Kodi mchere weniweniwo, wa m'paketi, ungakhale ndi chuku?

Ungakhale ndi timbewu take, makamaka mchere wowumitsidwa padzuwa. Ofufuza a pa yunivesite ya Cornell ku America anapima mitundu 7 ya mchere wa m'nyanja wogulidwa m'masitolo, n'kupezamo timbewu tamoyo ta Aspergillus, Penicillium ndi Cladosporium, ngakhale tinali tochepa. Zotsatirazo zinatuluka mu 2018. Mchere wambiri wa ku Zambia umachokera ku Sua Pan ku Botswana ndi ku Walvis Bay ku Namibia, ndipo ulipo wina wochepa wopangidwa pamanja ku Kaputa ndi ku Chibwa cha ku Mpika.

Pa ndiwo zophika palibe chodetsa nkhawa. Mumchere wouma timbewuto tagona, sitikupanga poizoni, ndipo moto umatipha. Nkhani ili kwa othira mchere pa nsomba kapena nyama yosunga miyezi. Chizolowezi chosesa mchere wotsala pa nsomba zakale n'kuuthiranso pa zatsopano chimasamutsa chuku ndi tizilombo ta pinki tija kuchoka pa katundu wina kupita pa wina. Mchere wa nsomba usungidwe pouma, m'thumba lotseka, osati pansi.

Poizoniyu amachita chiyani m'thupi? Ndingadziwe bwanji kuti ndadya?

Nthawi zambiri simungadziwe, ndipo ndiye kuipa kwake. Aflatoxin amalimbana ndi chiwindi. Munthu akadya wambiri nthawi imodzi amasanza, amamva kupweteka m'mimba, maso amachita chikasu, miyendo ndi mimba zimatupa. Zikatero thamangirani ku chipatala, ndipo mutenge chakudya chimene mukuchikayikira. Koma chofala ndi kudya pang'onopang'ono kwa zaka. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika aflatoxin m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Kwa munthu amene ali ndi Hepatitis B, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi amene alibe. Katemera wa Hepatitis B amene ana amalandira ku sikelo amathandizanso pa nkhani imeneyi. Ku Benin ndi ku Togo, kafukufuku wa 2002 anapeza kuti ana okhala ndi aflatoxin wambiri m'magazi anali opinimbira kuposa anzawo.

Ochratoxin A amapita ku impso. Amachedwa kutuluka: pamatenga masiku pafupifupi 35 kuti theka lake lichoke m'magazi a munthu, kotero wodya pafupipafupi amamuunjika. IARC inamuika m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa.

Amayi oyamwitsa ndi ophikira ana phala la nshawa kapena la kapenta wosinja, musaleke, ndi chakudya chabwino kwambiri kwa mwana. Ingosankhani musanasinje. Zikasanduka ufa palibenso chosankha.

Ine sindidya zambiri, koma ndimakhala tsiku lonse ndikupeta ndi kupakira. Fumbi lake lingandipweteke?

Lingathe. Timbewu ta Wallemia ndi tating'ono kwambiri moti timafika mpaka pansi pa mapapo. Ku France anapeza kuti Wallemia sebi ndi imodzi mwa zoyambitsa matenda a mapapo a alimi ogwira udzu wouma wa ziweto, amene amayamba ndi chifuwa, kubanika ndi kutentha thupi patapita maola angapo munthu atapuma fumbilo. Kwa odwala mphumu, chuku chamtundu uliwonse chimatha kuutsa matenda. Amene chitetezo chawo chatsika, kaya ndi HIV yosalandira mankhwala bwino, mankhwala a khansa, kapena mabala otsala ndi TB m'mapapo, asakhale iwo otsegula matumba a chuku, chifukwa Aspergillus amatha kukhazikika m'mapapo otere. Petani panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, mutavala masiki.

Yisiti wakuda wa m'maiwe a mchere uja, Hortaea werneckii, amayambitsa kabanga kofiirira kapena kakuda pachikhatho, kosayabwa ndi kosapweteka, makamaka kwa okhala m'mphepete mwa nyanja zamchere. Kamatha ndi mankhwala opaka, koma banga lakuda latsopano lililonse likaonedwe ku kiliniki.

Nanga bwanji anthu ena amadya tchizi cha chuku ndi sosi wa soya, osadwala?

Chimenecho ndi chuku chosankhidwa ndi kuwetedwa. Mu tchizi cha mizere yobiriwira amaikamo Penicillium roqueforti. Sosi wa soya amapangidwa ndi Aspergillus oryzae, mbale weniweni wa Aspergillus flavus amene sapanga aflatoxin, kenako amathira madzi a mchere wambiri kuti zosafunika zisamere. Chimene chamera chokha pa thumba la kapenta palibe anachisankha.

Monga wogulitsa, ndichite chiyani kuti katundu asachite chuku?

Zambiri zimathera pa kuoda. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba, osangoona pamwamba. Kapenta wouma bwino amathyoka mukamupinda ndipo amachita phokoso mukamugwedeza. Wopindika ngati mphira sanaume. Thumba lofunda m'kati lasonyeza kuti zamoyo zayamba kale ntchito, lisiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji.

Posunga, matumba akhale pa mapaleti kapena matabwa, asagunde khoma, ndipo pakati pawo padutse mphepo. Simenti imatulutsa chinyezi usiku ngakhale ioneke youma. Pulasitiki ndi yabwino pa nsomba youma kwenikweni, chifukwa imaletsa mchere kukoka madzi a mumpweya, koma nsomba ikatsekeredwa isanaume pulasitikiyo imachita thukuta m'kati, n'kufulumizitsa chimene mumaopa. Musasakanize katundu watsopano ndi wotsala, ndipo matumba akale achapidwe ndi kuuma asanagwirenso ntchito. M'dzinja odani pang'ono kuti athe msanga, ndipo dzuwa likatuluka yanikani zimene zili bwino zisanafewe.

Mankhwala ophera tizilombo a m'munda kapena opopera udzudzu asayandikire nsomba. Sapha chuku, ndipo akapita m'mimba mwa kasitomala ndi poizoni wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Kwa ogula a kunyumba: m'nyengo ya mvula gulani meda yaing'ono m'malo mwa yaikulu, sungani m'chitini kapena m'botolo lotseka bwino, osati pafupi ndi mbaula pamene nthunzi imakwera. Firiji imathandiza, koma magetsi akamazimazima nsomba yozizira imachita mame nthawi iliyonse imene yafunda, choncho ikhale m'chotengera chotseka.

Ndikakayikira katundu, ndingakapimitse kuti?

Mukaona chakudya choola chikugulitsidwa, oyamba kuwauza ndi oyang'anira zaumoyo a khonsolo ya Lusaka, amene ali ndi mphamvu yotenga zitsanzo ndi kulanda katundu pansi pa lamulo la Food Safety Act la 2019. Zitsanzo za boma zimapita ku labotale yopima zakudya ya unduna wa zaumoyo. Wamalonda wofuna kupimitsa katundu wake, makamaka wotumiza kunja kapena wopereka m'masitolo akuluakulu, angapite ku labotale ya ZABS, bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, komwe amalipira. Alimi a chimanga ndi nshawa angafunse za Aflasafe, mankhwala owaza m'munda opangidwa ndi mitundu ya Aspergillus flavus yosapanga poizoni, amene bungwe lofufuza za ulimi m'mayiko otentha la IITA linakonza pamodzi ndi ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi la ku Mount Makulu ku Chilanga.

Popita kukapimitsa musatenge dzanja limodzi la pamwamba pa thumba limodzi. Poizoni sagawanika mofanana. Amaunjikana m'malo ochepa, kotero chitsanzo chotengedwa pamalo amodzi chingakunamizeni mbali iliyonse. Tapani pang'onopang'ono pamwamba, pakati ndi pansi pa matumba angapo, sakanizani, ikani m'pepala kapena m'thumba louma, ndipo munene poizoni amene mukufuna kuti afufuze, chifukwa kupima aflatoxin sikuonetsa ochratoxin A.